Ukhondo Wanga ndi Kalimba ka Ankhoswe

Woyamba kundiuza anali mlamu wanga Nabanda. Anafika ali wefuwefu kuchokera kumsika wa Mitundu, dengu likadali pamutu. "Alamu, ankhoswe aja atsika minibasi! Akuti akudzatenga kalimba kawo." Ine ndinamwetulira. (Mulungu andikhululukire, ndinkadikira kuyamikiridwa.)

Ndiyambe bwino. Mwana wanga Chisomo anapeza mnyamata wa ku Nathenje, ndipo amalume ake a mnyamatayo, a Phiri, ndiwo ankhoswe akuchimuna. Loweruka lina anabwera kudzakambirana za chinkhoswe, zonse zinayenda, kunangotsala kutchula tsiku. Pochoka anathamangira mvula, n'kuiwala kathumba pakhonde. M'kathumbamo munali kalimba.

Kwa inu amene simunakaonepo, ndi kathabwa kokwana m'manja, pamwamba pake pali tizitsulo tondandalika, ndipo kamakhala m'chikho kuti mawu azikula. Woimba amakhudza nsonga za tizitsulo ndi zala zazikulu. Zonsezi ndazidziwa mochedwa. Tsiku limenelo ine ndinangoona chinthu chakuda.

Ndipo ine chinthu chakuda sindikhala nacho pansi. Ndimapita kudimba, mtima uli pa kathumba. Ndimapemphera, mtima uli pa kathumba.

Lolemba ndinati ndingochotsa dzimbiri. Ndinakwecha ndi phulusa mpaka tizitsulo tinawala. Lachiwiri ndinaona tizivindikiro ta mabotolo tomangirira m'mbali mwa chikho. Ndinati awa ndi masewera a ana, ndinadula. Lachitatu ndinapeza kabowo komatidwa ndi kanthu koyera, kaja kangaude amabisamo mazira pakhoma. Kangaude, pa katundu wa ankhoswe, m'nyumba mwanga! Ndinakanda ndi chikhadabo osasiya kanthu.

Ndikanalekera pomwepo, mwina. Koma tizitsulo tija tinali tosafanana, kena kakatali, kena kakafupi, ngati mano a nkhalamba. Ndinamva chisoni kuti bambo wolemekezeka akuyenda ndi chinthu chokhota chonchi. Ndinatenga nyundo ya amuna anga, n'kugogoda chimodzichimodzi mpaka tonse tinaima mzere umodzi. Pomaliza ndinapaka mafuta ophikira. (Ndinathokozanso Mulungu pondipatsa manja aluso.)

Ankhoswe atakhala pampando ndinagwada, kalimba kali pansalu yochapa.

"Katundu wanu uyu, ankhoswe. Ndangomupukuta pang'ono."

Anayang'ana nthawi yaitali. Anakhudza kachitsulo koyamba: ndii. Kachiwiri: ndii. Kachitatu: ndii. Anafika kumapeto, konse ndii.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "nyimbo zanga mwaziika kuti?"

Nabanda anathawira kuseri kwa nyumba, ndimangomva akutsamwa ndi phwete. Chisomo anali kuseri kwa chitseko, akumva zonse. Ine thukuta kamukamu, chonsecho kunja kuli mphepo.

"Kameneka anandisiyira bambo anga," anapitiriza. "Kadutsa maliro, kadutsa njala, kanagwerapo mumtsinje. Koma kudzagona kuno masiku anayi okha!"

"Pepani ankhoswe, ndimati ndikonze."

"Mumaimba kwaya?"

"Eya, ya amayi."

"Nonse mumaimba mawu amodzi?"

"Iyayi, pali oyamba, pali a besi."

"Nanga a besi anga mwawapheranji?"

Anaitanitsa nyundo yomweyo, n'kundiuza kuti ndisachoke. Masana onse ankasuntha kachitsulo pang'ono, n'kumvetsera, n'kusunthanso. Anandionetsa kuti kachitsulo kakatali ka pakati ndiko kamalira mawu aakulu, ndipo tikamafupika kupita m'mbali mawu amaning'a. Anandigwiritsa ndithu. "Chala chakumanja, kenako chakumanzere, mosinthana ngati anthu awiri pamtondo umodzi. Musakanikize, mayi, si nsabwe. Ingotsetserekani ndi chikhadabo." Ndinayesa, kalimba kanalira, ndipo ndinatsala pang'ono kulira nako.

Tizivindikiro tinatola panjira, anamangirira. Koma ataimba anapukusa mutu. Akuti kanthu ka kangaude kaja ndiko kamanjenjemeretsa mawu, popanda iko kalimba n'kosakoma ngati ndiwo zopanda mchere.

"Tsiku la chinkhoswe ndidzalitchula kalimba kakapezanso mawu ake," anatero, n'kunyamuka.

Abale anga, ndinafunafuna! M'nyumba mwanga kangaude angapezeke bwanji, poti ndimasesa mpaka kudenga? Ndinapita kutchalitchi, n'kukumbukira kuti amene amasesa kumeneko ndine ndemwe. Masiku asanu ndimangoyenda maso ali m'mwamba, anthu n'kumati mayi aja alowa pemphero lalikulu. Chisomo samandiyankhula, amangoika madzi osamba n'kuchokapo.

Nabanda ndiye anati, "Alamu, pitani kwa Nangondo."

Nangondo ndi mnansi wanga, yemwe ndinamudzudzula pamaso pa amayi onse a mpingo kuti nyumba yake yadzaza akangaude. Chichitikireni zimenezo tinkangopatsana moni wa pakamwa.

Ndinapita. "Odi kuno!"

"Ee, lero kugwa mvula. Mwabwera ndi tsache?"

"Ndabwera kudzapempha kangaude."

"Mwati chiyani? Makutu anga ali ndi fumbi, paja ndine wauve."

Ndinabwereza mokweza, anthu a pachitsime akumva. Anaseka mpaka kukhala pansi, koma kenako anakwera pampando, n'kumatula tinthu toyera ta kangaude titatu kuseri kwa kabati mosamala ngati akunyamula khanda. "Tengani, ndi za mwana wathu tonse. Mukafuna ena, ndimaweta."

Ndinakwera minibasi ya ku Nathenje nditatikulunga m'kampango. Ankhoswe anamata kamodzi pakabowo, anakhudza kachitsulo ka pakati, mawu n'kuti zzii mpaka m'chifuwa mwanga. Anaimba nyimbo yonse maso ali chitsinzinire, atamaliza anati, "Loweruka loyamba tikakolola." Ndinagwada pomwepo kuthokoza Mulungu, ndi Nangondo yemwe.

Tsono ankhoswe andibwereka kalimbako kuti ndiziphunzira, akuti wowononga ndiye aziimba pachinkhoswe. Kali pawindo pano pamene ndikulemba. Chonde mutikumbukire m'mapemphero, Chisomo ndi banja lake latsopano, ndi ife tonse pakhomo pano. Koma makamaka mukumbukire manja angawa, chifukwa kachitsulo kachitatu kuchokera kumanzere ndikukaona ndithu kuti katalika, ndipo nyundo amuna anga sanaibise bwino.