Minofu ya Bambo a Lonjezo

Usiku wathawu, anzanga, ndinalota zoti mpaka pano ndikuzisinkhasinkhabe. Paja mukudziwa kuti bambo a Lonjezo ali ndi khansa ya kanjira ka ndulu, ndipo adokotala anati opaleshoni imayenda bwino munthu akakhala ndi minofu, choncho ayambe adya, thupi libwerere. Ndinagona nditapempherera zomwezo.

Ndiye kutuloko ndinali pakhomo ndikusinja mtedza wa phala lawo, mtondo n'kutsokomola.

"Mayi, tabasiyani kaye," unatero. "Kuchipatala akuti mupite nawo akawayeze. Akapepuka, tsiku la opaleshoni alisuntha."

Ndinauthokoza, poti unayankhula mwaulemu chonsecho ndinali ndikuumenya. Ndiye ndinawabereka bambo a Lonjezo ndi chitenje, osalemera n'komwe, ngati mtolo wa udzu wouma, iwo akupereka moni kwa anthu njira yonse. Mwadzidzidzi njira ija inasanduka khonde la chipatala. Pakhomo panali mlembi wovala tayi, ndipo akufunsa dzina khosi lake linatalika mpaka anakhala kakowa, ataima ndi mwendo umodzi.

"Nanga minofu yawo mwaisiya kuti, mayi?"

"Ndimawapatsa mazira tsiku lililonse, bwana."

"Kupatsa n'kwina, kudya n'kwina," inayankha sikelo ili pakona. "Akwere tione."

Namwino wina, amene tsopano anali njiwa, anayala kansalu pasikelopo kuti mapazi awo asazizidwe. Chimenecho ndinachiona. Anakwera, koma muvi osasuntha.

"Akwera kale?" inafunsa sikelo. Sikuti inkaseka ayi, inkafunadi kudziwa.

Ndiye analowa adokotala, makutu akukula, mpaka njovu yathunthu yovala khoti loyera. Anazunguliza chitamba pantchafu ya bambo a Lonjezo, chitamba n'kutsala chambiri.

"Chotupacho ndikhoza kuchotsa," anatero, "koma bala limapola ndi zimene munthu wasunga m'thupi. M'nkhokwe muno mulibe kanthu."

"Ndiye zapita kuti, adokotala?"

Anatsegula zenera ndi chitamba chija. Kunja kunali anthu onse amene akhala akubwera kudzawazonda: akwaya, anansi, ndi a Chidzanja, mkulu wa mpingo wathu, akuyenda pamzere, aliyense atasenza mnofu wokutidwa m'masamba a nthochi. Katumba wina anasuzumira pamutu pa a Chidzanja.

"Ifetu sitinathawe, mayi. Anatipereka eni ake. Inu mukangopita kuchitsime, mbale amaikankhira kwa mlendo, amvekere, 'Idyani, ine ndadya kale.'"

Ndinawayang'ana bambo a Lonjezo. Maso awo achikasu aja anali pansi.

"Nanga munthu wayenda wapansi kudzandiona, abwerere ndi njala?" anatero.

Umenewo ndi mtima womwewo umene ndinawakondera. Ndiye ndinatulukira pazenera kuthamangira mzere uja. Mwadzidzidzi a Chidzanja anasanduka kamba, akuyenda pang'onopang'ono, koma ine osawapeza. Ndinkathamanga ndikupemphera: "Ambuye, mtima wawowo musauchotse, koma mazira okhawo adye." Chigoba cha kamba chinkakhula pamiyala, kwee, kwee, phokoso likukulirakulira.

Kutsegula maso, kunja kwayera kale, ndipo inali supuni ikukhula mbale. Mwana wathu Lonjezo anali ataphika phala osandidzutsa. Nditasuzumira pakhomo ndinaona a Chidzanja enieni, anthu bwinobwino, atakhala pakhonde chipewa chili pabondo. Pafupi nawo panali bambo a Lonjezo, mbale ili pamiyendo, dzira lili m'manja. Dzanja linayamba kupita kwa mlendo, kenako linaima.

"Mayi a Lonjezo usiku wonse amapemphera kutulo," anatero bambo a Lonjezo, "kunditchula ine ndi mazira omwe. A Chidzanja, mundikhululukire. Lero ndidya pamaso panu osakugawirani."