Nkhondo Yaima, Kuli Maliro

Lolemba

...ndiye ndikumufunsa Tadala kuti iwe mwana, ukufuna munthu wodziwa kulamula gulu, ukusakasaka pa intaneti bwanji malume ako ali pompano? Ine kapitawo! Ndikatsokomola m'mizere ya tiyi kuno ku Thyolo, othyola a ku Mulanje amawerama okha.

Tadala ndi mwana wa mlongo wanga. Amapanga magemu a pakompyuta. Gemu imene akupanga panoyi ndi ya nkhondo: umamanga mudzi, umalima, umasonkhanitsa asilikali, kenako umakaphwasula mudzi wa mnzako. Mbali ya Tadala ndi kuika nzeru m'mitu ya adani, aja amayendetsedwa ndi makina. Akuti makinawo amaphunzira poonera munthu akusewera, ngati wothyola watsopano amene amaonera dzanja la mnzake.

Loweruka eni kampani a kunja adzayesa. Adani akavuta, Tadala alembedwa ntchito. Akapanda kuvuta, abwerera kogulitsa mayunitsi.

Iye akupita ku Limbe kokhala netiweki, kukamaliza zina. Wandisiyira laputopu yakale. "Amalume, muzingosewera mwaukali basi."

Mwaukali! Akuuza nkhuku za chimanga.

Ndili pa tchuthi. Kuyambira lero ndine injiniya wa nzeru za makina. Wakabaza wathu ndamuuza kale, afalitse mpaka ku Khonjeni.

Lachiwiri

Asilikali ndawapatsa maina a gulu langa la ku esiteti. Wamauta wochedwa uyu ndi Jailosi, ayi ndithu, ngakhale kayendedwe.

Zomwe ndatulukira:
ukadina kumanja munthu amayenda;
kukalipa sikuthandiza, alibe makutu;
sadandaula za sikelo yoyezera tiyi. Anthu abwino!

Masana, tsoka. Muvi wamulasa Jailosi pafupi ndi mtsinje. Wagwa. Anzake angomudumpha ngati chitsa n'kumapitirira! Kwathu kuno? Ngakhale esiteti imatulutsa thalakita maliro akagwa. Ndawabweza onse, ndawazungulitsa Jailosi, aime chete.

Mudzi wapsa tili pamaliro. Koma wapsa mwaulemu.

Lachitatu

Lero dongosolo. Maliro a dzulo anali achisawawa, ndachita nawo manyazi.

Okumba migodi ndiwo adzukulu. Odula mitengo aziponya nthambi pamsewu kuti odutsa adziwe. Apakavalo akafika pa nthambizo azitsika, monga amachitira apanjinga. Alimi asiye makasu, abweretse chimanga ku siwa. Palibe kulima, palibe kumenya, mpaka tiike.

Vuto n'lakuti adani sadziwa mwambo. Tikulira mmodzi, iwo alasa wina. Tikusamukira kwa winayo, alasanso awiri. Asilikali anga ayenda maliro ambiri lero kuposa abusa athu chaka chonse.

Mayi wa kunyumba, akusonkhezera kalongonda: "Bambo, chipewa mwavulira zidolezo?"

Nanga ndidutse pamaliro chili kumutu? Anthu osaphunzira makompyuta!

Ndagonja kuyambira m'mawa mpaka sola itatha mphamvu. Makina akuonera. Akuona utsogoleri.

Lachinayi

Aphunzira! Mayo ine, aphunzira!

Ndadina pomwe Tadala anandionetsa, kuti makina asewere okha ndi nzeru zanga, ine ndikhale mdani wawo. Ndalasa msilikali wawo mmodzi. Pompo gulu lonse latembenuka. Nthambi pamsewu. Apakavalo pansi. Adzukulu pamzere, ngati ndawabala ndine.

Kunena zoona, ku Amereka kulibe makina oleredwa bwino chonchi.

Tsono ine ndiwamenye bwanji anthu ali pachisoni? Ndatumiza anga kukapepesa, ndi chimanga chambiri. Makina aonera zimenezonso.

Nkhondo lero sinachitike. Magulu onse awiri akhala pamtsinje mpaka chiperoni chitaphimba phiri, batire n'kuzima. Jailosi weniweni anadutsa kudzabwereka khasu. Ndamuuza kuti ndamuika kale katatu sabata ino, ndipo anthu anabwera ambiri. Wachoka osatenga khasu.

Lachisanu

Tadala wabwera ndi buledi wa ku Limbe. Watsegula laputopu akumwetulira. Walasa mdani mmodzi. Kumwetulira kwatha.

"Amalume. Akuchita chiyani awa?"

Ndamufotokozera bwinobwino, mpaka za adzukulu.

Wagwira mutu. Akuti kuphunzitsa makina mwatsopano kumafuna masiku, ndipo mawa ndi mawa. Wanditchula "amalume" kambirimbiri, koma ulemu munalibemo.

Ndati mwana usalire, ndiwaphunzitsa nkhanza masana omwe ano. Ndavala chipewa, ndachikanikiza. Ndadumpha mitembo ndili chitsinzinire. Mtima ukuwawa, koma mbumba ndi mbumba.

Zotsatira: tsopano amamenya ndithu, mwaukali wanga weniweni. Koma akangopha munthu, amaima, n'kupita kukapepesa kwa amene amuphera. Ndi chimanga.

"Bola mukanangowasiya osadziwa kanthu," watero Tadala.

Buledi wadya yekha.

Loweruka

Netiweki yabwino ili pachulu cha kuseri kwa fakitale. Takwera. Ine jekete la ukwati, chifukwa injiniya saoneka wamba. Tadala wati ndikhale kumbali komwe kamera sifika.

Bwana wa kampani waoneka pagalasi, wadazi, kapu m'manja. Wayamba kusewera. Asilikali anga amuthamangira ngati njuchi, mpanda wake pansi! Ndakuwa mpaka agalu a ku Masambanjati ayankha. Tadala wandiponda phazi.

Kenako mlonda wake mmodzi wagwa.

Anga onse aima.

Nthambi pamsewu. Apakavalo atsika. Mzere wa alimi ukulowa m'mudzi mwake ndi chimanga pamutu. Bwana wafunsa m'Chingerezi, Tadala wayankha ndi mawu aang'ono ngati a udzudzu. Ndamvapo liwu limodzi lokha, lotanthauza malume.

Bwana wawalasa onse ali chiimire. Palibe wathawa. Ana anga!

Ndiye ndikuona bwana uja akupukuta m'maso. Misozi! Munthu wa kunja kulira chifukwa cha mwambo wathu! Waitana anzake a mu ofesi, nawonso misozi. Dziko lonse lamva za Thyolo lero.

Lamulungu

Yankho lafika tikuchokera ku tchalitchi. Ntchito sanamulembe. Sanamuthamangitsenso. Amupatsa mwezi wina kuti aphunzitse adani mwatsopano, ndipo akuti aphunzitse yekha. Mawu oti "yekha" wandiwerengera kawiri.

Nzeru zanga sazitaya, ayi. Aziika pa sitepe yoyamba, ya ana ndi anthu amene sanagwirepo kompyuta, kuti aliyense azipambana. Sitepeyo aitcha Amalume.

Choncho ana a maiko onse azindigonjetsa asanadye phala. Chabwino. Bola azivula chipewa.

Laputopu yatsekeredwa m'sutikesi, kiyi ali m'khosi mwa Tadala. Wayamba kundilankhula pang'ono, wandipempha mchere. Mawa tchuthi chatha, ndibwerera ku mizere. Wakabaza ndamuuza kuti ndapuma pa uinjiniya mwa kufuna kwanga.

Za misozi ya dzulo zija, ndikonze pang'ono. Misozi inalipo ndithu. Koma munthu wolira sagwa pampando akumenya tebulo.