Manifodi Yaitali ya a Mbewe

Lolemba

Tsiku limene ndinalandira digiri yoyamba ku Blantyre, minibasi imene banja lathu linachita hayala inazima pa Zalewa. Anthu khumi ndi anayi anatembenuka kuyang'ana ine, ndili m'gauni. Amayi anati, "Injiniya tili naye mommuno." Ndinatukula mpando wa dalaivala, ndinayang'ana injini mwaulemu kwa nthawi ndithu, kenaka ndinabweza mpandowo. Kondakitala anagogoda batire ndi mwala, galimoto inalira. Ndinabwerera pamalo panga, tinapitiriza ulendo wa ku Ntcheu.

Papita zaka zisanu ndi zinayi. Pano ndikukhala kunja kwa dziko, ku Partick, ndikulemba buku la digiri yachitatu, la mmene mpweya umayendera m'mapaipi. Kutchalitchi amanditchula kuti a Injiniya.

Nkhani ya mlungu uno: amalume ake a bwenzi langa Ndaziona akubwera kuchokera ku Leeds Loweruka la mlungu wamawa kudzakumana ndi nkhoswe yanga. Nkhoswe ndilibe. Amalume anga ku Ntcheu akuti ndipeze munthu wamkulu konkuno awaimirire. Ndaziona akuti watopa kundiikira kumbuyo, ndipo Lamulungu likadutsa ndisanapeze munthu, awauza amalume akewo asavutike kubwera. Sananene mokwiya. Bola akanakwiya.

Munthuyo mumtima ndamupeza kale: a Mbewe, mkulu wa mpingo, amene anapuma ntchito yoyendetsa mabasi. Kungoti sakudziwa. Dzulo ndinawayandikira potuluka m'tchalitchi, koma anayamba ndi iwo: manifodi ya galimoto yawo yakale yang'aluka, ndiwasankhire ina.

Dongosolo:
1. Kusankha manifodi yabwino.
2. Kuimanga Lachinayi.
3. Lamulungu kupita kutchalitchi pa galimotoyo, awiriwiri, iwo ali osangalala.
4. Kupempha tisanafike ku Gorbals, kumene kuli tchalitchi.

Manifodi ndi chitsulo cha mapaipi chimene chimalandira mpweya ndi petulo kuchokera ku kabureta n'kugawira masilinda. Mpweya m'mapaipi. Ngati pali chimodzi chimene ndimadziwa padziko pano, ndi chimenechi. Ndikuganiza choncho.

Lachiwiri

Sitima ya ku Pollokshields, mvula yowaza. Galaja la a Mbewe lili m'kanjira kuseri kwa nyumba zamiyala. Galimoto ndi yobiriwira, ndi yaikulu kwa ine ndi zaka khumi, ndipo yapukutidwa kuposa mbale za mgonero. Mng'alu wa manifodi ndi wautali ngati chala.

Galaja loyandikana ndi la a Iqbal, amene kale ankayendetsa takisi. Asuzumira, ayang'ana mng'alu, ayamba kunena zoti akudziwa munthu wowotcherera zitsulo. A Mbewe awadula: "Mwana uyu ali ndi madigiri awiri ndi theka. Tisamusokoneze."

Thekalo landiwawa.

Ndikujambula injini mbali zonse. A Mbewe akuti kudepoti, asanagule chitsulo chokhala pamwamba pa injini, ankaumba kamtanda ka ufa, kukaika pa kabureta, kutseka boneti, kutsegulanso. Kamtanda kakaphwanyika, wadziwa malo otsala. Ndawayankha mwaulemu kuti miyeso yonse ili m'buku la galimotoyi, ndalipeza kale pa intaneti. Agwedeza mutu. "Zoona. Ife mabuku tinalibe."

Pochoka ndalimba mtima. "Bambo, pali kankhani kena."

"Mabuleki? Ayi, mabuleki ali bwinobwino."

Ndavomereza kuti mabuleki ali bwinobwino.

Lachitatu

Ku yunivesite sindinapite. Manifodi zimene ndapeza:

Yoyamba: yachitsulo chakuda, ngati yakale ija. Yonyansa, yokhulupirika.
Yachiwiri: yopepuka, yaifupi. Akuti ndi ya anthu oyenda m'tauni.
Yachitatu: yaitali, yonyezimira, mapaipi opindika ngati khosi la kakowa. Akuti ndi ya mpikisano.

Pa intaneti pali azibambo amene akhala akukangana za manifodi ziwiri zomalizazi kwa zaka zambiri. Wina anamwalira mkangano uli mkati, mwana wake akupitiriza.

Ndawerengetsa mpweya masamba asanu ndi limodzi. Yaitali ikupambana, makamaka injini ikathamanga kwambiri. Ndaimbira a Mbewe kufunsa liwiro limene amayenda. Akuti, "Ngati basi ikuyandikira siteji, wokalamba ataimirira m'kati."

Ndiye kuti yaifupi. N'zoonekeratu.

Koma munthu sungapemphe unkhoswe utanyamula chinthu chimene aliyense akanasankha. Ndikufuna akatsegula bokosi aone kuti maphunziro alipo. Ndaitanitsa yaitali. Akuti ifika mawa.

Uthenga wa Ndaziona ali pantchito kuchipatala: "Wawauza?"

Ine: "Ndikulambula njira."

Iye: "Msewu wa tala umatha msanga kuposa njira yakoyo."

Lachinayi

Yafika. Ikuwala moti ndikudziona nkhope, yaitali ndi yodandaula. Mai Mbewe atsika ndi tiyi, aijambula pafoni kuti atumizire ana awo.

Maola anayi. A Mbewe akumasula mabawuti osayang'ana n'komwe, akung'ung'udza nyimbo ya m'buku. Ntchito yanga ndi kupereka sipanala. Kawiri ndapereka yolakwika. Kachitatu anangotambasula dzanja n'kudzitengera okha, nyimbo osaidula. Ndadzicheka chala ndi gasiketi, chinthu chimene ndi pepala chabe.

Kiyi. Kutsokomola kuwiri. Yalira!

A Mbewe aomba m'manja. A Iqbal atulukira, agwira dzanja langa ndi manja awiri. Ndikuona kuti nthawi ndi inoyi, palibe chifukwa chodikirira Lamulungu. Ndatsegula pakamwa. A Mbewe akuti, "Tsekani boneti, a Injiniya, tiiyendetse."

Ndatsitsa boneti. Yakhala pa sefa ya mpweya. Patsala mpata wa zala zitatu.

Ndaitukula, ndaitsitsanso pang'onopang'ono, ngati mwina koyamba kaja inangodzidzimuka. Zala zitatu.

Mai Mbewe atolera makapu.

Lachisanu

Ndalipeza vuto. Buku langa ndi la galimoto za mtundu womwewu zimene zinatuluka patapita zaka ziwiri, za boneti ya linunda. Ya a Mbewe ndi yafulati ngati tebulo. Zalembedwa patsamba loyamba. Ine ndinayambira pa mutu wa mpweya.

Zimene zingachitike:
1. Kuchotsa sefa. Tayesa. Patsala chala chimodzi, ndipo injini ingamameze masamba a mitengo.
2. Kuboola boneti. Ndangotchula. A Mbewe anaika dzanja pa galimoto monga mmene umagwirira mwana galu akamadutsa.
3. Kubwerera ku Ntcheu, kukalima mbatata.

A Iqbal abwera ndi kamtanda kuchokera kukhitchini kwa akazi awo. Palibe wawatuma. Akaika pa sefa, a Mbewe atsitsa boneti, atukula. Kamtanda kasanduka chapati. A Iqbal akuti tilize injini kapsere pomwepo, tisataye ufa. Aseka awiriwo mpaka kupukuta misozi. Nanenso ndaseka, mochedwa.

Lero sindinayese n'komwe kupempha. Nkhoswe ndi munthu amene amakaimirira pamaso pa eni mwana n'kunena kuti mnyamatayu ndikumudziwa, mukhoza kumudalira. A Mbewe tsopano akundidziwadi.

Loweruka

A Mbewe akuti tisaiweruze tisanaimve pamsewu. Tamanga boneti ndi chingwe choyanikira zovala cha Mai Mbewe. Galimoto ikuoneka ngati munthu womanga nsagwada chifukwa cha dzino.

Maloboti oyamba: yazima.
Achiwiri: yazima.
Achitatu anali obiriwira, koma a Mbewe anachepetsa liwiro mwa chizolowezi. Yazima.

Chifukwa chake ndikuchidziwa bwino, chili patsamba lachinayi la masamu anga aja: manifodi yaitali imafuna injini yothamanga. Ndayamba kufotokoza. A Mbewe akumvetsera mwachidwi, kumbuyo magalimoto akuliza mahutala.

Ndakankha kudutsa sitolo za nsalu ndi za ndiwo zamasamba, mvula ikulowa m'khosi. Mayi wina wachikulire waika zikwama zake pansi n'kundithandiza, akundiuza kuti mwamuna wake anali ndi galimoto ngati yomweyi ndipo nayonso inali yopanda ntchito.

Titafika, a Mbewe agwada n'kutulutsa manifodi yakale pansi pa benchi, yokulungidwa bwino m'thaulo. Sanaitaye. A Mbewe anamuuza kale wowotcherera wa a Iqbal uja, adzaitenga Lolemba. Sindinafunse kuti anamuuza liti.

"Musadandaule, a Injiniya," akutero. "Yanuyi ndi yokongola. Mayi akuti aikamo maluwa."

Ndaziona walemba mawu atatu: "Mawa ndi Lamulungu."

Lamulungu

Izi ndikulemba pachikuto cha kope, chifukwa masamba mulibenso.

Kutchalitchi tapita pa basi. Ndinakhala pafupi ndi a Mbewe kuchokera ku Pollokshields mpaka ku Gorbals, awiriwiri monga ndinakonzera, kungoti pamodzi ndi anthu ena makumi atatu. Njira yonse amadandaula za mmene dalaivala amapondera mabuleki. Ndinavomereza pa siteji iliyonse.

Ulaliki sindinaumve. Ndaziona anali kutsogolo ndi akwaya, sanandiyang'ane ngakhale kamodzi, ndipo ndikudziwa kuti kusayang'ana kotero kumafuna khama.

Pa nyimbo yomaliza ndinavomereza mumtima kuti pakamwa panga sipadzanena. Ndinang'amba masamba onse, Lolemba mpaka Loweruka. Ndinaganiza zochotsa Lachitatu, koma munthu wokakuimirira ayenera kudziwa chimene akuimirira. Pamwamba ndinalemba: Bambo, pempho lili patsamba loyamba. Chonde muyambire pamenepo.

Ndinapinda kanayi. Ndinawapeza pakhomo akuvala chipewa, ndinapereka ndi manja awiri.

"Ngati ndi masamu a manifodi, mwanawe, ndakhuta."

"Si manifodi yokha, bambo."

Anayang'ana mapepala, anayang'ana ine, kenaka anayang'ana kumene kunaima Ndaziona, nthawi yaitali kuposa mmene ndikanafunira. Anasisita matumba a jekete.

"Magalasi ndasiya m'galaja. Andiwerengera mayi anu."

Mai Mbewe ndi mlembi wa amayi a mpingo, ndipo powerenga sadziwa kunong'ona. Anali atatambasula kale dzanja. Mapepala analowa m'chikwama chawo, pakati pa buku la nyimbo ndi maswiti a chifuwa, zipi n'kutseka.