Nthutumba Yanga Anadya Wakabaza

Mpaka lero ndikaona nkhuku ya m'firiji ndimayang'ana kumbali. Inatsala pang'ono kundilanditsa mkazi.

Ine ndine mphunzitsi ku Malosa, ndipo ndine munthu wa phuma (anzanga amati ngakhale tiyi ndimamwa choimirira). Chibwenzi changa ndi Tadala chitakhwima, anandiuza kuti amalume ake, a Matiki a ku Domasi, akufuna andione kaye nkhani ya ankhoswe isanayambe. "Akakana iwowo, basi zathera pompo," anatero.

Tsoka lake Loweruka limene tinapangana kuti ndipite kunali mpira pa TV madzulo. Tsono ine kumudzi ndimakudziwa: mlendo akafika amamugwirira nkhuku, ndipo kuithamangitsa, kuisosola, kuiphika, tsiku latha. Nzeru zinandibwerera. Ndinagula nkhuku yososolasosola m'sitolo, youma gwa ngati mwala, n'kukwera njinga yamoto ya Yusufu, wakabaza wanga. Ndinamuuza kuti asapite patali, sindichedwa.

Tinawapeza a Matiki pansi pa mtengo wa mango akusoka thumba la mpunga. Bambo ofatsa, olankhula ngati mawu amachita kugula. Malonje okha, mayo ine! Anafunsa za makolo anga, za mvula ya kwathu, za ana a sukulu, ndipo yankho lililonse ankalimvetsera mpaka kumapeto. Ine maso ali pa wotchi.

Nditapeza mpata ndinatulutsa jumbo ija. "Ndati ndikupeputsireni ntchito, bambo. Iyi n'kungoika pamoto."

Analandira ndi manja awiri, n'kuthokoza bwinobwino. Akazi awo anaitembenuza, n'kusuzumira m'kati. "Ilibe nthutumba," ananong'ona. A Matiki anangogwedeza mutu, kenako anaitana ana kuseri kwa nyumba kuti agwire tambala wofiira. (Kwa amene munakulira m'tauni: nthutumba amapatsa mlendo wolemekezeka, ndiyo imanena kuti nkhukuyi yafera iweyo.)

Tambala asanagwidwe n'komwe, Yusufu anayamba kuliza hutala kumsewu. Piii! Piii! A Matiki ananyamuka okha, kukamutenga. "Achimwene, pano munthu sadikirira kumsewu ngati katundu." Yusufu, wosakhulupirikayo, anavula chisoti n'kukhala pamphasa. Posakhalitsa anali atalowa nkhani ya mpunga, kuti wa chaka chino ukununkhira kuposa wa chaka chatha, awiriwo akuseka ngati anakulira limodzi.

Nanga ine? Ndinanamizira kukataya madzi, n'kukaima pachulu kuseri kwa khola, foni m'mwamba, kusaka netiweki kuti ndimve zigoli. Ndinapitako kachiwiri. Kachitatu ndinachedwako ndithu, poti kunali penate.

Pobwerera ndinapeza asamba kale m'manja, mpunga uli pamphasa, fungo lake lokha lokhutitsa. Ndipo ndi maso angawa ndinaona a Matiki akutola nthutumba m'mbale n'kuika kwa Yusufu.

"Pepani aphunzitsi," anatero mosakweza mawu. "Imeneyi ndi ya mlendo amene wakhala pansi."

Manyazi ake! Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Tadala, amene anali kukhitchini ndi azakhali, sanandiyang'ane n'komwe. Ndinazimitsa foni, n'kuiika chafufumimba pamphasa. Mpira unatha osandiona.

Titatha kudya a Matiki anandiperekeza wapansi, Yusufu akukankha njinga pambuyo. Tinadutsa m'minda ya mpunga pang'onopang'ono, iwo akuima kupereka moni pakhomo lililonse, kundionetsa ngalande imene anakumba ndi malemu bambo awo. Sanandinyoze ngakhale kamodzi, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Munthu uja ndinamusirira. Anali ndi munda woti akolole, matumba oti asoke, koma tsiku lonse analipereka kwa ine, amene ndinabwera ndi wondidikirira kumsewu.

Pamsewu anati, "Mwana wathuyu tinamulera pang'onopang'ono. Mubwerenso Loweruka, tidzaonane bwino."

Ndinapita, wapansi kuchokera pa siteji, foni nditaisiya kunyumba. Anapha nkhuku ina, nthutumba inagwera m'mbale mwanga, ndipo ankhoswe anakumana mwezi wotsatira.

Phuma lija silinathe, ndisaname, tiyi ndimamwabe choimirira. Koma ku Domasi ndimakhala pansi mpaka andiuze okha kuti kwada. Chimene sichinasinthe n'chimodzi. Tikangofika ndi Tadala ndi ana, a Matiki amandilandira ndi manja awiri, n'kusuzumira kumsewu.

"Akamwini, nanga mlendo wathu uja, a Yusufu, mwawasiya kuti?"