Mpunga Wonunkha Usipa

Mpaka lero ndikamadutsa pa Mua ndimakokera mpango kumaso ngati ndikudwala dzino. Chondipweteka n'chakuti amene anandichititsa manyaziwo amagona tulo tabwinobwino, mmodzi mwa iwo pambali panga penipeni.

Ine ndimagulitsa mpunga pa Golomoti, Kilombero wa ku Bwanje, uja ukamauphika anansi amakumbukira mwadzidzidzi kuti sanakulonjere. Mtengo wa mpungawu uli m'fungo lake, ndipo dzina langa pamsika linali momwemo. Amuna anga, abambo a Tadala, gawo lawo pa bizinesiyi linali kuvala jekete.

Tsiku lina anamva pa wayilesi kuti makampani awiri akuluakulu a m'tauni aphatikizana. Nkhaniyi anaitengera ku bawo, komwe anakumana ndi a Jafali, ogulitsa usipa wouma wochokera kunyanja cha ku Mtakataka. Pobwera kunyumba anali kampani kale.

"Amayi a Tadala, munthu akagula mpunga amafunanso ndiwo. Ife mpunga, a Jafali usipa, sitolo imodzi, lendi imodzi. Mutu umodzi susenza denga."

"Nanga katundu azisungidwa kuti?"

"M'chipinda chimodzi, ndiye phindu lakelo."

Ndinawauza kuti mpunga umakoka fungo la chilichonse chimene wagona nacho. Akazi a Jafali, a Mariamu, nawonso ananena kuti usipa umafuna mphepo, osati kutsekeredwa. Yankho la mabwana athu? Akuti zimenezo n'zakukhitchini, iwo akuona patali.

Kuona pataliko kunali kukangana za chikwangwani, kuti dzina la ndani liyambe. Kenako kukangana za mpando, mpaka tinagula wachiwiri. Amuna anga anakhala Wapampando, a Jafali Dayilekitala, ndipo kuti ine nditseke pakamwa anandipatsa udindo wa Manijala wa Malonda (apa ndisaname, ndinasoketsa diresi latsopano).

Munali m'chilimwe, dzuwa la ku Golomoti lija lopsereza ndi mthunzi womwe. Chipinda chamalata, chopanda zenera, matumba a mpunga atatsamirana ndi madengu a usipa. Masiku oyamba ndinkalowa nditagwira mphuno. Kenako mphuno inazolowera, basi sindinkamvanso kanthu. Makasitomala ankatapa mpunga m'dzanja, kununkhiza, n'kunena kuti abweranso. Ine ndinkati ndi nsanje, sanaonepo mzimayi ali manijala.

Ndiye anandiimbira foni amayi Nabanda, mphunzitsi wa ku Mua amene wakhala akugula kwa ine kuyambira kalekale. Mwana wawo wamkazi amakwatiwa ndi mnyamata wa ku Lilongwe, ndipo ankafuna kuti akuchimuna akaone kuti kuno timadya mpunga weniweni.

"Sindibwera kudzaona, mayi. Ndimakudziwani inu. Ingotumizani pa kabaza."

Ndinatumiza matumbawo, ndipo pa tsiku la ukwati ndinapita ku Mua ndi diresi langa lija. Aliyense amene ndinakhala naye pafupi ndinamuuza kuti mpunga umene adye lero ndi wa kampani yathu (mawu akuti kampani ndinkawatchula mokweza dala). Ndinaona amayi ophika akundiyang'ana chammbali, ndinkaganiza kuti akusirira diresi. Sindinadziwe kuti autsuka mpungawo mpaka zala kuyera, fungo osachoka.

Mbale zitafika, phokoso linachepa. Amalume ake a mkwati, bambo wa suti, anayamba kufufuza mumpunga ndi supuni, uku ndi uku, kenako n'kufunsa mokweza: "Pepani, kodi nsomba yake atidyera ndani? Ine ndikungoimva, sindikuiona." Anthu anaphulika kuseka, ndipo onse amene ndinawauza za kampani anatembenukira kwa ine pamodzi. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Amayi Nabanda anandiitanira kuseri kwa holo. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Mayi, ndinagula osanunkhiza chifukwa ndi inu. Mwana wamkazi ndili naye mmodzi yekhayu."

Ndinabwerera pa minibasi ndikulira chamumtima. Mawa lake mabwana anaitanitsa msonkhano, aliyense pampando wake. Amuna anga anati wolakwa ndi usipa.

"Wallahi achimwene," anatero a Jafali, "usipa wanga wakhala ukununkha usipa chibadwire. Mpunga wanu ndi umene sudziwa kukhala ndi anzake."

Anakangana mpaka thukuta, koma pamapeto pake anagwirizana chinthu chimodzi, choyamba kugwirizana chiyambire kampaniyo: akuti Manijala wa Malonda sanawachenjeze mokwanira. Ine! Ine amene anandiuza kuti nkhawa zanga n'zakukhitchini! A Mariamu anachita kundigwira dzanja, apo ayi mpando wa Wapampando ukanathyokera pamutu pa mwini wake.

Kampani inathera pomwepo. Chikwangwani anachidula pakati ndi sowo, aliyense n'kunyamula dzina lake, ndipo katundu tinasenza ndi ine ndi a Mariamu. Mpunga wotsala ndinakagulitsa motchipa kwa oweta nkhuku. Makasitomala akubwerera mmodzimmodzi, koma aliyense amayamba wanunkhiza, ngakhale amene tinakula limodzi. Amayi Nabanda amagula kwa mnzanga wa benchi yoyandikana nane, ndipo amandipatsa moni mwaulemu kwambiri.

Jekete lija silinapume. Dzulo amuna anga anabwera kuchokera ku bawo maso akuwala.

"Amayi a Tadala, munthu akagula mpunga amafunanso moto. Ndalankhula ndi mnyamata uja wogulitsa palafini."

Ine ndinangopita kukagula loko watsopano wa chipinda chosungira mpunga, ndipo kiyi wake ndamumanga pa nsonga ya chitenje changa.