Soya m'chitini cha ng'ombe

Anthu akanditama kuti ndine wochenjera ndimangokhala chete, chifukwa ndikudziwa kumene kuchenjera kwangako kunakathera: pa benchi ya kuchipatala, mwana ali zidzolo thupi lonse.

Kwathu ndi ku Dedza, koma ndinakwatiwa kwa Angoni kufupi ndi Embangweni. Amuna anga ali ku Joni, ndiye ndimakhala ndi apongozi. Nditabereka Tiwonge ndinadwala mpaka mawere anauma. Tinamuyambitsa mkaka wa m'chitini, koma ankangotsegula m'mimba, khungu n'kutuluka zidzolo. Anesi anati thupi lake silikugwirizana ndi mkaka wa ng'ombe, ndikagule ku Mzimba boma mkaka wa makanda wopangidwa ndi soya.

Vuto linali apongozi aamuna. Kwa iwo munthu ndi ng'ombe, ndipo khola lawo ndi lomwe linandilowola. Kuwauza kuti mdzukulu wawo woyamba akukana ng'ombe ndinkaona ngati kuwatukwana. Komanso kuno mkamwana, mkazi wa mwana wawo, salankhula nawo maso ndi maso. Mawu amadzera kwa apongozi aakazi (ndipo akamafika amakhala atanenepa).

Ndiye ndinatsuka chitini chakale chija, chojambulidwa kang'ombe pambali, n'kukhuthuliramo mkaka wa soya uja. Chitini chenichenicho ndinachibisa m'sutikesi.

Tiwonge anasalala, masaya n'kudzaza. Apongozi aamuna ankamuonetsa kwa mlendo aliyense: "Mwamuona? Mngoni uyu! Ng'ombe yamulera chomene." Ine gwadeni poteropo, ndikudziyamikira chamumtima.

Tsiku lina ndinapita kuboma kukagula mkaka wina, galimoto ya matola n'kutifera panjira. Kunyumba chitini chinatha, mwana akulira. Apongozi aakazi, mwa chikondi chawo, anachinyamula mpaka kugolosale n'kunena kuti, "Ndipatseni wonga uwu." Anawapatsadi, wang'ombe weniweni.

Pofika madzulo ndinapeza Tiwonge atatupa nkhope, zidzolo thupi lonse, akusanza. Tinathamangira naye kuchipatala, ine ndi apongozi onse awiri.

"Mayi, si inu ndinakuletsani mkaka umenewu?" anandifunsa anesi.

"Koma ndi womwe wakhala akumwa," anatero apongozi aakazi, akukweza chitini m'mwamba ngati umboni kukhoti.

Panalibenso kothawira. Ndinagwada pasimenti, n'kuulula zonse kwa apongozi aakazi, aamunawo ataima pomwepo. Ndinkayembekeza kumva zoti ndilongedze, ndibwerere ku Dedza.

Apongozi aamuna anatembenukira kwa akazi awo.

"Muuzeni mkamwana kuti mwanayu watengera ine. Mkaka ukandilowa, mbwenu ndi kuthengo tsiku lonse. Ndinausiya kale, ndisanakwatire n'komwe."

"Adada!" anadabwa akazi awowo. "Nanga chambiko chomwe ndimakuikirani m'mawa uliwonse?"

"Kafunseni galu."

Anesi anaseka mpaka kugwira khoma. Ine sindinaseke, maso anga anali pa mwana.

Tiwonge anachira, ndipo soya wake tsopano amakhala poyera pa tebulo. Koma ndikakumbukira nkhope yake yotupa ija mtima umandiwawabe. Ndinadwalitsa khanda langa poopa kukhumudwitsa munthu amene nayenso ankabisa zomwezo, kuopa kukhumudwitsa akazi ake. Pakhomo ponse amene ankanena zoona anali mwana wosayankhula uja, ndipo ndi iye amene anagona m'chipatala.