Dikirani Aume

Uthenga woti amalume atisiya unandipeza Lachiwiri m'mawa ndikuchapa. Inu munkawadziwa kuti a Pinki. Ntchito yawo inali yopenta nyumba, koma pinki ndiye anawadya mutu.

Kwa ife pinki ndi pinki basi. Kwa iwo ayi. Kunali pinki wa lilime la mphaka, wa chikhatho cha khanda, wa sopo wosambira, wa nyama yosapsa. Ukanena kuti onsewa ndi amodzi, ankakuyang'ana ngati watukwana.

Nyumba za eni ankamaliza masiku awiri. Pabalaza pawo panatenga zaka naini. Azakhali, akazi awo, anangopempha pinki. Amalume anapaka zigamba seveni pakhoma kuti asankhepo. Azakhali akaloza chimodzi, iwo amvekere, "Dikirani aume, mayi. Penti wonyowa ndi wabodza." Akauma, ankati timuonenso masana. Masana akakwana, ankati mtambo wasokoneza.

Wogulitsa penti akawaona akubwera ankabisala kuseri kwa zitini. Tsiku lina anawauza kuti zitini ziwiri akuziyerekezazo n'zimodzi, nambala yake yomweyo. Amalume anamuyankha kuti nambala ilibe maso.

Mkamwini wawo atabwera koyamba, suti ili pyapyapya, azakhali anafunsa amalume monong'ona kuti amuona bwanji mnyamatayo.

"Dikirani aume."

Chaka chino azakhali analumbira kuti mdzukulu wobadwa mwezi wamawa sadzalowa m'nyumba ya zigamba. Amalume analonjeza kuti asankha. Koma matenda anafulumira.

Tikusuntha kabati kuti anthu a pamaliro apeze pokhala, tinapeza kuseri kwake chigamba cha eyiti, chakalekale, fumbi lili mbuu. Pansi pake amalume analemba ndi pensulo: "Uyu. Ngati diresi lija." Ndi nambala yomwe, ija ilibe maso ija.

Azakhali atawerenga anazindikira. Linali diresi limene anavala tsiku lomwe anakumana ndi amalume koyamba. Kenako anaseka, misozi ili chuchuchu.

"Ndiye kuti ankadziwa kalekale bambo ameneyu. Ankangofuna tizikangana."

Loweruka tikupenta khoma lonse, ndipo wogulitsa penti uja wati abwera ndi burashi yake. Mwana adzapeza nyumba ya mtundu umodzi. Koma pabalazapo pali zii, palibenso wotiuza kuti tidikire. Misozi ya azakhali ndiye tikudikira iume. Abale, muziwakumbukira m'mapemphero anu, iwo ndi ana awo, ndi kamdzukulu kakubwerako.